Msuweni wa ku Ulongwe

Atsibweni a Rodwell anaimva nkhani ya ulendowo akuyeza mtedza pakhonde la golosale yawo pa Mpingu. Sanatembenuke n'komwe.

"Ku Mozambique? Kukatani?"

Ulemu anali atagwada pambali pa matumba, maso ali pansi. Anamuyankhira ndi amayi ake, a Nabanda, monga mwa masiku onse.

"Akuti akaphunzire Chipwitikizi, achimwene. Ndi za kalabu ya kusukulu ija. Wakonza ndi mpingo wathu pamodzi ndi mpingo wa ku Ulongwe. Anawo azikagona m'makomo mwa akhristu anzathu."

"Chipwitikizi!" Atsibweni analilavula liwulo ngati njere ya gwafa. "Chingerezi chenichenicho chikumukanika, lero akufuna kusenzanso china? Kumeneko n'kukadya buledi basi, ine ndikuuzeni."

Chingerezi sichinkamukanika Ulemu. Ankakhoza kuposa anyamata onse a Fomu 3, ndipo atsibweni ankadziwa bwino lomwe. Yankho linafika mpaka pakhosi, lotentha, koma linabwerera komwe linachokera. Kusukulu mtsikana ameneyu anzake ankamutchula kuti Tsabola. Anakanganapo ndi kondakitala wa minibasi, ndi mlonda wa pageti, ngakhale ndi mtsogoleri wa kwaya amene ankaimika ana a madikoni okha kutsogolo. Koma akangogwada pamaso pa mlongo wa amayi ake, lilime linkafa. Ndi mmene analeredwera. Bambo ake alipo, ali moyo, amalima fodya wawo bwinobwino, koma ndi mkamwini. Za sukulu ya ana amaweruza ndi mwini mbumba.

"Chabwino, apite," anatero atsibweni, akutsitsa thumba pa sikelo. "Koma akabwera adzagwade pompano, ayankhule Chipwitikizicho ine ndikumva, aphunzitsi ake alipo ngati mboni. Akadzangoti bwebwebwe, za makalabuzo zatha. Azidzati akaweruka kusukulu, n'kubwera kuno kudzathandiza mkulu wake mu golosale. Masana okha."

Mkati mwa golosalemo Fanny, mkulu wake wa Ulemu, anasiya kupukuta mabotolo. Nayenso anayamba ndi "masana okha" ali Fomu 2. Kenako panabwera masiku a msika, kenako nyengo yogula mtedza, kenako yunifolomu yake inasanduka chopukutira kauntala. Ulemu anayang'ana mkulu wakeyo, n'kumvetsa bwino chimene chinkamudikira akadzabwera pakamwa pali pouma.

Ananyamuka tchuthi chitangoyamba, m'nyengo yozizira, pa minibasi imene inadzaza ana a sukulu, zikwama ndi fungo la mbatata yootcha. Anawatsogolera ndi aphunzitsi a Yonasi, amene anabadwira ku Mozambique n'kubwera kuno ali mwana pothawa nkhondo. Kalabuyo anaiyambitsa ndi iwo, pansi pa mtengo wa mango, kuopa kuti Chipwitikizi chawo chingachite dzimbiri. Atangodutsa pa chipata cha Dedza anaimirira, khosi litapindika ndi denga la galimoto.

"Kuyambira pano Chichewa tachisiya kwa apolisi aja. Tidzachitenga pobwerera!"

Ana anakuwa ndi chimwemwe. Ulemu sanakuwe nawo. Ankabwereza malonje ake chamumtima.

Pabwalo la tchalitchi ku Ulongwe panali pataima anthu odzatenga alendo. Woyamba kuitanidwa anali Kelvin, mnyamata amene bambo ake amagwira ntchito ku Chitedze, wa nsapato zoyera zosadziwa fumbi. Anamutenga ndi dokotala, pa galimoto yonyezimira, ana ake akuyankhulana Chipwitikizi chokhachokha kumpando wakumbuyo. Ulemu anamugwera bambo wina wamfupi, wa chipewa cha ubweya, amene anabwera pa njinga yamoto itamangiriridwa thumba la kachewere.

"Sala," Ulemu anawakoka aphunzitsi a Yonasi pambali. "Mwagawa bwanji?"

"Kelvin anazolowera nyumba ya magetsi, angavutike kumudzi."

"Ndiye ine ndinazolowera kuvutika, eti? Ndipite ndikaonjezere?"

"Tsabola, kwera njinga. Anthu akukuyang'ana."

Anakwera, atakhalira kachewere, mkwiyo ukumutenthetsa kuposa juzi yake yofiira imene amayi ake anamugulira pa kaunjika. Atafika pakhomo, kunja kwa tawuni, pakati pa minda yotsetsereka, anatsika n'kugwada monga mwa mwambo. Anatulutsa chuma chake chonse nthawi imodzi.

"Boa tarde, senhor. Chamo-me Ulemu."

Bamboyo anavula chipewa, n'kumwetulira mpaka m'makutu.

"Takulandira, mwanawe! Mwayenda bwanji? Fumbi silinakulowe m'maso?"

Chichewa. Chichewa chenicheni, chonona, chonga cha pa Kabudula. Ulemu anayang'ana uku ndi uku. Amayi a pakhomopo ankakalipira nkhuku m'Chichewa. Ana a pafupi ankaseweretsa tayala m'Chichewa. Ngakhale galu ankaitanidwa kuti Tilipo. Anadutsa malire, anaonetsa chiphaso, anakhalira kachewere msewu wonse, kuti adzafike kwawo komwe.

"Ine ndine Zakeyu," anatero bamboyo. "Nanga amayi ako ndi a mfunda wanji?"

"Ndi a Nabanda."

A Zakeyu anaomba m'manja, n'kulumpha ngati apondera khala la moto.

"Amayi! Theresa! Tulukani mudzaone! Ine ndine Banda! Amayi ako ndi mlongo wanga, ndiye kuti ine ndine malume ako. Iwe si mlendo, ndiwe mbumba yanga. Theresa, nayu msuweni wako!"

Panatuluka mtsikana wamtali, wa msinkhu wa Ulemu, wa maso oseka ngakhale pakamwa patatsekedwa. Anamuyang'ana Ulemu kuyambira kumapazi, n'kuimitsa maso pa juzi yofiira ija.

Mmawa uliwonse ana onse a kalabu ankakumana mu holo ya tchalitchi, aphunzitsi a Yonasi n'kuwaphunzitsa malonje, mayina a zipatso ndi nyimbo. Zimenezo Ulemu akanaziphunzira pansi pa mango paja. Chimene anadzera ndi Chipwitikizi cha pakhomo, cha tsiku lonse, ndipo pakhomopo panalibe. Anapempha mwaulemu.

"Malume, mwina muzindiyankhulako Chipwitikizi."

"Ine? Kwa iwe?" A Zakeyu anagwira pamtima. "Chipwitikizi timayankhula ku ofesi, kuchipatala, ndi kwa apolisi. Mwana wa mlongo wanga ndizimuyankhula ngati ndamugwira alibe chiphaso? Idya buledi, wawonda."

Buledi anali wokoma, zoona, wa khungu lolimba, mkati mofewa ngati thonje. Ndipo kukoma kwakeko ndi kumene kunkamupsetsa mtima Ulemu, chifukwa nthongo iliyonse inkamukumbutsa mawu a atsibweni aja. N'kukadya buledi basi.

Madzulo ena, iye ndi Theresa akusankha kachewere wa kumsika kuseri kwa nyumba, zinamusefukira. Anaponya mbatata yowola kutali, n'kuyamba kufotokoza zonse: za sikelo, za "masana okha", za yunifolomu ya Fanny. Sankalira. Ankangoyankhula mwamsanga.

"Kelvin uja alibe chotaya. Akabwera opanda kanthu bambo ake adzangoseka. Koma iye ndi amene amupatsa nyumba ya Chipwitikizi! Ine amene sukulu yanga yonse yalendewera pa lilime, andiponya kuno koti ngakhale galu ndi Mchewa. Iwe kusukulu kwanu mumaphunzira m'Chipwitikizi, si choncho? Bwanji osandiyankhula?"

"Ndimayesa," anatero Theresa. "Koma ukangokakamira pang'ono umathawira ku Chichewa, ine n'kukutsatira. Chichewa n'chotsetsereka." Anatembenuza mbatata m'manja. "Koma ukakwiya umayankhula kwambiri, eti?"

"Ndani wakwiya?"

"Palibe," anatero Theresa, maso aja akuseka.

Kutacha, Ulemu anapisa dzanja pa msomali pamene ankapachika juzi yake. Panalibe. Kuzizira kwa ku Ulongwe si kwa masewera; kumalowa m'mano. Anatuluka atadzikumbatira, n'kupeza Theresa akusesa pabwalo, atavala juzi yofiira, manja ake atapindidwa chifukwa inamufupikira.

"Iwe! Juzi yangayo!"

Theresa anatsamira tsache, n'kupendeketsa mutu mwachisoni.

"Não entendo, prima."

Zimenezo Ulemu anazimva: sindikumva, msuweni.

"Usandipusitse! Dzulo lomweli umayankhula Chichewa ngati wa pa Nsaru. Vula!"

"Não entendo, prima."

Ulemu anathamangira kwa a Zakeyu, amene ankapopa tayala la njinga yawo.

"Malume, Theresa wandilanda juzi."

A Zakeyu anaseka mpaka pampu inagwa.

"Ndiye ukufuna nditani? Ameneyo ndi msuweni wako. Akhoza kukulanda juzi, akhoza kukunena kuti uli ndi miyendo ngati ya sekwe, ine sindingalowererepo. Kwanu za pachisuweni mumakazisuma kwa akulu?"

Samakazisuma. Ulemu ankadziwa. Msuweni akakutengera chinthu, akulu amangoseka. Umachilanditsa wekha, ndi pakamwa pako. Anabwereka chitenje kwa amayi a pakhomopo, n'kufunda ngati wodwala malungo mpaka ku holo.

Tsiku limenelo aphunzitsi a Yonasi ankaphunzitsa mayina a ziweto. Ulemu anaimika dzanja.

"Sala, 'wakuba' timati bwanji?"

"Tili pa ziweto, Ulemu."

"Nanga 'ndi yanga'? Nanga 'bweza'? Nanga 'ndikuphwanya'?"

"Lomalizalo sindikuuza," anatero aphunzitsi, akumuyang'ana pamwamba pa magalasi. "Kodi kumene ukukhalako kuli mtendere?"

"Kuli chisuweni."

"Ooo," anatero aphunzitsi, n'kutembenukira kubolodi msanga, mapewa akugwedezeka. Anamulembera mawu atatu aja.

Ulemu anabwerera kunyumba atanola mawu ake ngati zikwanje. Anaima kutsogolo kwa Theresa.

"Ladra! É minha! Devolve!"

Theresa anaomba m'manja mwa kunyoza, kenako anamuyankha ndi mtsinje wa Chipwitikizi, wautali, wothamanga, akuloza juzi, akuloza mphuno ya Ulemu, akuloza kumwamba. Ulemu sanatolepo kanthu koma liwu limodzi lokha, ndipo analisunga mpaka mawa kuti akafunse tanthauzo lake. Linali "mbuzi".

Nkhondo inayambira pamenepo. Theresa sanatulutsenso liwu la Chichewa kwa iye. Atate ake ankawayankha m'Chichewa, amayi ake m'Chichewa, galu m'Chichewa, koma Ulemu akangotsegula pakamwa, makutu a Theresa ankasanduka a Mpwitikizi. Ndipo sanathere pa juzi. Anatenga mpango. Anatenga sopo wonunkhira amene Fanny anamupatsa Ulemu mobisa. Pogawa buledi ankadzipatsa pakati, Ulemu n'kumupatsa kumapeto kolimba. Posenza kachewere ankasankha dengu laling'ono. Pa bawo ankaba njombwa poyera, osabisa n'komwe, kenako n'kufunsa mwaulemu m'Chipwitikizi ngati pali vuto.

Vuto linalipo, ndipo Ulemu ankalifunira mawu. Ankafunsa aphunzitsi, ankafunsa ana a m'njira, ankafunsa ngakhale amayi ogulitsa mandasi pa geti la tchalitchi. Anzake akuloweza kuti lalanje ndi chiyani, iye ankaloweza "bodza", "dzulo unanena kuti", "ndakuona ndi maso anga", "iwenso". Anaphunzira kunena za dzulo chifukwa milandu ya Theresa inali ya dzulo. Anaphunzira kunena za mawa chifukwa ankafuna kumuopseza. Ndipo panali mawu ena amene anawapeza okha, atamva amayi ena akukangana ndi woyendetsa njinga yamoto pamsewu. Atafunsa tanthauzo lake, anaona ngati akumana ndi m'bale wake amene anasochera kalekale.

Não é justo. Si chilungamo.

Zinafika pachimake tsiku la msika, ulendo utatsala pang'ono kutha. Atsikana awiriwo anayala kachewere wawo pakati pa amayi ogulitsa kabichi ndi anyezi. Theresa, ali mu juzi yofiira, anayamba kuwafotokozera amayiwo nkhani ina m'Chipwitikizi, mokweza, akuloza Ulemu ndi chibwano. Amayiwo anayamba kuseka. Masiku oyamba Ulemu akanangomva phokoso. Tsiku limeneli anamva zonse: akuti msuweni wakeyu ndi wochokera ku dziko kumene anthu sadziwa juzi, ndiye anaivala chadodolido, miyendo m'manja mwake, mpaka iye Theresa anamulanda pomumvera chisoni.

Ulemu anaimirira. Dengu linagubuduka, kachewere n'kumwazikira kwa a kabichi.

"Mentira!"

Bodza! Ndipo atangotsegula pamenepo, zonse zinatuluka. Anawauza amayiwo kuti juziyo anagula ndi amayi ake. Anawauza za mpango, za sopo, za buledi wa kumapeto, za njombwa za bawo. Anawaonetsa manja a juziyo mmene anafupikira pa mikono yaitali ya Theresa, n'kufunsa msika wonse ngati chovala chimenecho chikuoneka cha mwini wake. Pena mawu ankamuthawa, iye n'kuwathamangitsa ndi manja mpaka kuwagwira. Pena ankalakwitsa, amayi a anyezi n'kumukonzera mofuula ngati akuchemerera mpira, iye n'kutola liwulo osaima. Anthu anasonkhana. Wogulitsa nsomba zouma anakwera pa benchi kuti aone bwino.

"Não é justo!" anamaliza Ulemu, akupuma ngati wathamanga. "Devolve a minha camisola!"

Msika unaphulika. Amayi a kabichi analuluta. Wa nsomba uja anagamula kuchokera pa benchi kuti juzi ibwezedwe pompo. Theresa anaivula pang'onopang'ono, n'kuipinda bwinobwino, n'kuipereka ndi manja awiri atapinda mawondo. Kenako anayankhula Chichewa, koyamba chiyambire nkhondo ija.

"Wamva mmene wayankhulira, mbuzi iwe?"

Ulemu anaima ndi juzi m'manja. Anayang'ana amayi aja, anayang'ana kachewere ali mbwee pansi. Panthawi yonseyo sanaganizepo n'kamodzi komwe kuti liwu lotsatira ndi liti.

"Unachitira dala," anatero.

"Ndipo inkandithina m'khwapa. Ndavutika nayo, uzindithokoza."

Tsiku lobwerera, pabwalo la tchalitchi, Kelvin anatsika m'galimoto ya dokotala masaya atatupa ndi kudya bwino. Aphunzitsi atamufunsa m'Chipwitikizi mmene wakhalira, anakanda m'mutu.

"Sala, ana a adokotala aja amafuna kuphunzira Chingerezi. Ndiye timangoyankhula Chingerezi. Koma chapita patsogolo kwambiri, Sala."

"Cha iwe kapena cha iwo?"

"Cha tonse, Sala."

Ulemu anafuna kuseka mokweza, koma anaona mmene mnyamatayo anagwetsera nkhope, n'kungomugawira buledi. A Zakeyu anamangirira thumba la kachewere pamwamba pa minibasi, lopita kwa mlongo wawo Nabanda amene sanamuonepo. Theresa anali atawafotokozera zonse za golosale. Bamboyo anamugwira Ulemu paphewa, nkhope ilibe nthabwala.

"Ukawauze a Banda anzangawo kuti ndapereka moni. Ukawauzenso kuti mbumba ikawalemera, kuno sukulu ziliko. Ndidzakutenga pa njinga yomweyi."

Mlandu unakhala Lamulungu masana, anthu atatuluka m'tchalitchi. Atsibweni a Rodwell anakhala pa mpando pakhonde la golosale, akadali mu jekete la ukulu wa mpingo. Aphunzitsi a Yonasi anapatsidwa kreti ya zakumwa kuti akhalire. A Nabanda anakhala pansi, miyendo atatambasula. Fanny anali kuseri kwa kauntala, akupukuta malo amodzimodzi. Ulemu anagwada pambali pa sikelo, ndipo atangogwada anamva chinthu chija chikubwera, chozizira, chomanga lilime.

"Tiyeni nazoni," anatero atsibweni.

"Bom dia," anatero Ulemu, mawu ali ngati a udzudzu. "Boa tarde. Chamo-me Ulemu."

Anaima. M'mutu munali mbee. Anafufuza msika uja, amayi a kabichi, wa nsomba pa benchi, koma zonse zinali zitatsalira kutsidya kwa malire.

"Basi?" Atsibweni anatembenukira kwa aphunzitsi. "Bondiya ameneyo ngakhale ine ndimamudziwa. Amanena ogulitsa kachewere pa Dedza. Mwana wapita kunja kwa dziko kukatenga bondiya?"

"Ali ndi manyazi chabe, bambo. Mukanamuona kumsika..."

"Ine sindinali kumsika, ndili pano. Tinapangana." Anamenya manja pa maondo, nkhani yatha. "Mawa akaweruka abwere. Fanny, umupezere nsalu yopukutira. Yunifolomu asadetse, ingadzathandize wina."

Ingadzathandize wina. Mawu amenewo anamukhudza Ulemu pamalo pomwe Theresa ankakhudza. Kutentha kunakwera, kunafika pakhosi pamene Chichewa chimabwerera nthawi zonse. Koma ulendo uno panali njira ina, imene sinaphunzitsidwepo kuopa atsibweni.

"Não é justo!"

Nkhuku imene inkatola mtedza pakhonde inathawa. Ulemu sanadzuke, sanakweze maso, anagwadabe bwinobwino ngati mwana woleredwa. Koma pakamwa panatseguka ngati mpopi wothyoka. Analoza sikelo, analoza kauntala, analoza Fanny, anadziloza pamtima. Anayankhula za dzulo, anayankhula za mawa. Anyamata amene ankatchova njinga pamsewu anaima. Aphunzitsi a Yonasi anavula magalasi, anawapukuta, anawavala, anawavulanso.

Ulemu anamaliza. Atsibweni anali atatsegula pakamwa pang'ono.

"Aphunzitsi," anatero potsiriza, "chimenechi ndi Chipwitikizi?"

"Chenicheni, bambo. Cha kumsika, koma chenicheni."

"Ndiye akuti chiyani?"

Aphunzitsi anatsokomola. Anayang'ana Ulemu, anayang'ana jekete la atsibweni.

"Akuti... akuthokoza kwambiri chifukwa chomulola kupita. Akutinso Mulungu akudalitseni, pamodzi ndi bizinesi yanu."

"Zonse zija? Ndi kuloza sikelo komwe?"

"Chipwitikizi chimazungulira, bambo."

Apa nkhani ikanatha. Chipwitikizi chayankhulidwa, mboni yavomereza, atsibweni adalitsidwa. Aliyense wanzeru akanatseka pakamwa n'kupita kukadya kachewere. Koma Ulemu anamva ngati amulandanso juzi.

"Pepani Sala, sindinatero."

A Nabanda anagwira pakamwa. Aphunzitsi anatseka maso.

"Ndiye unati chiyani?" anafunsa atsibweni.

Mawuwo anali atatuluka kale kamodzi, anali atadziwa njira. Ulemu anangowatembenuzira m'Chichewa.

"Ndati si chilungamo, atsibweni. Ndati ana anu onse ali pasukulu, palibe amene amaima pa kauntala. Ndati Fanny ankakhoza masamu kuposa ine, lero akuwerenga machesi. Ndati Chingerezi sichindikanika, ndipo inu mukudziwa. Ndati ndikufuna kulemba mayeso a Fomu 4, ndipo ndidzakhoza. Ndati golosale ikafuna munthu, pa Mpingu pano anyamata ofuna ganyu ndi ambiri." Anapuma. "Pali liwu limodzi lokha limene ndalibweza. Linangotuluka mwa chizolowezi."

"Liwu lanji?"

"Ndi la pachisuweni, atsibweni. Si loyenera inu."

M'golosale munagwa botolo, koma silinasweke. Atsibweni anayang'ana mlongo wawo, ngati akuyembekeza kuti amukalipira mwanayo. A Nabanda ankayang'ana zala za kumapazi kwawo.

"Ine sindinamutume, achimwene," anatero motsitsa. "Koma bodza sindinalimvepo."

Atsibweni anamasula batani la jekete. Anayang'ana anyamata a njinga aja mpaka anachoka.

"Chilankhulo chamwano chimenechi," anatero. "Anakuphunzitsa ndani? Aphunzitsi awa?"

"Ayi. Msuweni wanga."

"Msuweni wako uti? Ana anga onse ndikuwadziwa, palibe Mpwitikizi."

Ulemu anafotokoza za a Zakeyu, za mfunda, za kachewere amene anatumizira mlongo wawo. Kenako anapereka uthenga uja monga anautengera, osachotsa, osaonjeza: a Banda a ku Ulongwe apereka moni, ndipo akuti mbumba ikakulemerani, kumeneko sukulu ziliko, adzabwera kudzanditenga pa njinga yamoto.

Atsibweni anadzuka pampando ngati alumidwa ndi linthumbu.

"Ati chiyani? Ikandilemera? Ine?" Anayenda mpaka kumapeto kwa khonde, n'kubwerera. "Banda wa kachewere, wa kutsidya, adzatenge mbumba yanga pa njinga yamoto, anthu a pa Mpingu akuona? Mpingo wonse uzinena kuti Rodwell analephera mwana mpaka anakaphunzitsidwa ndi a ku Mozambique? Nabanda, ukumva zimenezi?"

"Ndikumva, achimwene."

"Ameneyu alemba Fomu 4 konkuno! Ndipo akhoza! Aphunzitsi, kalabu yanuyo asajombe ngakhale tsiku limodzi. Ndipo mukamulembere Banda ameneyo, m'Chipwitikizi chakecho, kuti mbumba ya kuno ili ndi mwini wake." Anakhala pansi, akupumira m'mwamba. Kenako anaonjeza, mawu atatsika: "Kachewereyo mundipatseko. Ndione ngati amalima n'komwe."

Aphunzitsi a Yonasi anatsanzika msanga, ndipo anthu ena amati anawaona atatsamira mtengo kuseri kwa chigayo, akupukuta misozi ya kuseka. Atsibweni analowa kuseri kukavula jekete. Ulemu anadzuka, maondo atachita dzanzi, mtedza utamatirira pa siketi.

"Tsabola," anaitana Fanny chapansipansi kuchokera pa kauntala.

Ulemu anayandikira. Mkulu wakeyo anasuzumira kukhomo la kuseri, kenako anapinda nsalu yopukutira ija, n'kuiika pambali.

"Mawu oyamba aja, amene anathawitsa nkhuku aja. Tanenanso pang'onopang'ono."